Kodi M'mwamba Muli Malire?

Aliyense wa ife adziwa malire a munda wake. Pena malirewo ndi mzere wa nkhadze, pena ndi chulu, pena ndi mtengo wa mkuyu umene agogo analoza kalekale. Munthu akalumpha malire ndi kulima mizere iwiri ya mnzake, mlandu umafika kwa anyakwawa dzuwa lisanalowe. Dziko nalonso lili ndi malire ake, ndipo amene anayendapo ku Mchinji, ku Mwanza, ku Dedza kapena ku Songwe adziwa kuti pachipata sipadutsika popanda chiphaso. Nanga ndege ija timaiona ngati kadontho m'mwamba, ikusiya mzere woyera pambuyo pake, yosatera ku Lumbadzi kapena ku Chileka, imapempha njira kwa yani? Ana amafunsa funso limeneli, ndipo makolo ambiri timangowayankha kuti m'mwamba mulibe mwini. Yankho limenelo ndi lolakwa. Mlengalenga muli eni, muli misewu, muli malamulo, ndipo muli anthu amene sagona usiku kuti a m'ndegemo akafike kwawo ali moyo.

Pangano la ku Chicago

Pamene ndege zinayamba kuuluka, anthu ophunzira anatsutsana kwambiri. Ena ankati mlengalenga mukhale mwa aliyense monga nyanja yaikulu, ena ankati ayi, dziko lililonse likhale ndi ulamuliro pa mpweya wa pamwamba pake. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndiyo inathetsa mtsutsowo, pakuti anthu anaona ndi maso awo mabomba akugwa pa mizinda kuchokera m'mwamba. Chotero m'chaka cha 1919 maiko anapangana ku Paris kuti mlengalenga mwa dziko ndi mwa dzikolo.

Pangano limene likugwira ntchito lero linasainidwa ku Chicago, m'dziko la America, pa 7 Disembala 1944, nkhondo yachiwiri isanathe, ndipo maiko 52 ndiwo anaika dzanja. Mfundo yake yoyamba inena kuti dziko lililonse lili ndi ulamuliro wonse, wosagawana ndi wina, pa mlengalenga mwa pamwamba pa nthaka yake ndi madzi ake. Panganoli linabala bungwe la ICAO, limene likulu lake lili ku Montreal, m'dziko la Canada, ndipo lili ndi maiko 193. Malawi analowamo m'chaka cha 1964, chaka chimene tinalandira ufulu.

Kuchokera pa mfundo imeneyo patuluka malamulo ena. Kampani ya ndege ya dziko lina singayambe maulendo a masiku onse obwera kwathu popanda chilolezo cha boma lathu. Ndege ya asilikali, ya apolisi kapena ya boma lina singadutse pamwamba pathu popanda chilolezo chapadera. Boma lili ndi mphamvu yoletsa ndege kuuluka pamwamba pa malo ena, monga misasa ya asilikali. Ndiponso ndege iliyonse ili ndi mtundu wake, monga munthu, ndipo mtunduwo umalembedwa pathupi pake. Mukadzafika pabwalo la ndege, dzayang'aneni zilembo za kumchira: 7Q ndi ndege ya Malawi, 9J ya Zambia, 5H ya Tanzania, C9 ya Mozambique, ZS ya South Africa, ET ya Ethiopia.

Nanga ulamulirowu ulekezera pati? M'mbali ulekezera pa malire a dziko, ndipo kwa maiko a m'mphepete mwa nyanja yamchere uloweranso makilomita pafupifupi 22 panyanjapo. M'mwamba mokha ndimo maiko sanagwirizanebe pa mzere weniweni. Ambiri amawerengera makilomita 100, ndipo pangano la 1967 linanena kuti kuthambo kwenikweni, kumene kuyenda masetilaiti, sikungakhale kwa dziko lililonse. Ndicho chifukwa chake setilaiti idutsa pamwamba pathu osapempha, koma ndege iyenera kupempha.

Amene asunga njira

Kukhala mwini wa chinthu ndi kwina, kuchisamala ndi kwinanso. Pofuna kuti pasakhale malo opanda mlonda, mlengalenga mwa dziko lonse lapansi, ndi pamwamba pa nyanja pomwe, anamugawa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi amene ayankha. Chigawo chathu chimatchedwa ndi dzina la Lilongwe. Kumadzulo tichita malire ndi chigawo cha Lusaka, kumpoto ndi cha Dar es Salaam, kummwera ndi mbali ya kummawa ndi cha Beira. Kwa zaka zambiri ntchito za ndege m'dziko muno zinali m'manja mwa nthambi ya boma yoona za maulendo a pandege, ndipo lamulo la 2017 linakhazikitsa bungwe la Malawi Civil Aviation Authority kuti liziyang'anira ntchitozi.

Tiyeni titsate ndege imodzi, kuti tione m'mene ntchitoyi iyendera. Ndege isananyamuke, woyendetsa amapereka chikalata cha ulendo wake: njira imene adzadzera, msinkhu umene afuna kuulukapo, liwiro lake, mafuta amene ali nawo, ndi bwalo lina limene angathawireko ngati kumene akupita kwaipa. Chikalatachi chimatumizidwa kwa olondolera ndege onse a m'njiramo. Chotero ndege isanafike pamwamba pa Malawi, a ku Lilongwe amakhala atadziwa kale kuti ikubwera.

Pabwalo la ndege, amene alamula ndi munthu wa pansanja, nyumba yaitali ija ya magalasi mbali zonse. Popanda mawu ake ndege singalowe mumsewu wake wothamangiramo, ingakhale itanyamula mfumu. Ikanyamuka, iye amaipereka kwa mnzake amene ayang'anira ndege zokwera ndi zotsika pafupi ndi bwalo. Ameneyonso amaipereka kwa wachitatu, amene ayang'anira misewu ya m'mwamba kwambiri. Ikayandikira malire, wa ku Lilongwe amalankhula ndi wa ku Beira kapena wa ku Lusaka, kumuuza dzina la ndege, msinkhu wake ndi mphindi imene idzafike pamalire, kenaka amauza woyendetsa kuti asinthe wayilesi yake. Motero ndege imayenda kuchoka m'dzanja lina kulowa m'dzanja lina, monga m'mene mlendo ankaperekezedwera kale kuchoka m'mudzi wina kufika m'mudzi wina, osasiyidwa yekha m'thengo.

Kuti timvetse changu chimene chifunika, tiwerengere pang'ono monga tichitira m'kalasi. Ndege yaikulu imathamanga makilomita ngati 850 pa ola, ndiye kuti makilomita 14 pa mphindi imodzi. Dziko lathu ndi lalitali koma lopapatiza, pakuti m'lifupi silipitirira kwenikweni makilomita 160. Ndege yochokera kumadzulo kupita kummawa ingathe kulowa ndi kutuluka m'Malawi mphindi 12 zisanathe, madzi a nsima asanawire n'komwe. Ndege ziwiri zoyang'anizana zimayandikirana pafupifupi theka la kilomita pa sekondi imodzi. Pa liwiro lotere, diso la woyendetsa silithandiza kwenikweni. Akamati waona mnzake, nthawi yopatuka yatha kale.

Misewu yosaoneka

Pa chifukwa chimenechi ndege zimapatulidwa zisanaonane. M'mwamba muli misewu yolembedwa pa mapu, yokhala ndi mayina ndi mphambano zake. Kale misewuyi inkatsata zipangizo za wayilesi zozikidwa pansi, koma masiku ano ndege zambiri zimadziwa pamene zili ndi thandizo la masetilaiti. Mumsewu umodzi mumayenda ndege zambiri, ina pamwamba pa inzake, monga mashelefu a m'sitolo. Lamulo lofala ndi lakuti ndege zolowera kummawa zimatenga misinkhu monga mapazi 33,000, 35,000 ndi 37,000, pamene zolowera kumadzulo zimatenga 34,000, 36,000 ndi 38,000. Pakati pa ndege ndi inzake pamatsala mapazi 1,000, ndiwo mamita ngati 300. Pamene pali makina a rada, ndege ziwiri za msinkhu umodzi zimatalikirana makilomita osachepera 9 m'misewu ya m'mwamba. Pamene palibe rada, wolondolera amadalira mawu a woyendetsa ndi wotchi, ndipo amazitalikitsa ndi mphindi khumi kapena kuposapo.

Ndege iliyonse yaikulu ili ndi kachipangizo kamene kamayankha rada ndi nambala ya manambala anayi. Pali manambala atatu amene woyendetsa aliyense amawasunga pamtima: 7700 atanthauza kuti ndege ili pangozi, 7600 kuti wayilesi yafa, 7500 kuti ndege yalandidwa ndi achiwembu. Nthawi nayonso ndi imodzi padziko lonse, ya ku Greenwich, imene itsalira maola awiri pambuyo pa yathu. Chilankhulo chimene maiko anagwirizana kuti chizipezeka ponseponse pa maulendo a pakati pa maiko ndi Chingerezi, ndipo lamulo lililonse lofunika limene wolondolera wapereka, woyendetsa ayenera kulibwereza mawu ndi mawu, kuti ngati wamva molakwa akonzedwe pomwepo.

Ntchito zonsezi zimadya ndalama. Ndicho chifukwa chake ndege yodutsa m'mwamba, ingakhale siitera, kampani yake imalipira dziko limene lailondolera. Ndalama zimenezi ziyenera kubwerera ku ntchito yomweyo, kugula ndi kukonza zipangizo ndi kuphunzitsa anthu, pakuti wayilesi ikafa usiku, palibe amene angauze ndege kuti iime kaye m'mwamba.

Pamene mawu sanamveredwe

Malamulo ambiri a m'mwamba analembedwa maliro atachitika. Pa 12 Novembala 1996, pafupi ndi mzinda wa Delhi ku India, ndege ya ku Kazakhstan inauzidwa kuti ikhale pa mapazi 15,000, koma inatsika kufika pamene panali ndege ya ku Saudi Arabia. Zinawombana, ndipo anthu 349 anafa. Kusamvana bwino pa chilankhulo kunatchulidwa pakati pa zifukwa zake, ndipo patapita zaka bungwe la ICAO linalamula kuti oyendetsa ndi olondolera ndege aziyesedwa mayeso a Chingerezi.

Ngozi ina imene ikhudza mtima wa kholo lililonse inachitika usiku wa pa 1 Julayi 2002, pamwamba pa tauni ya Überlingen ku Germany. Ndege ya ku Russia inanyamula ana a sukulu opita kutchuthi ku Spain. Mlengalenga mwa kumeneko munkayang'aniridwa kuchokera ku Zürich, ndipo usiku umenewo munthu mmodzi yekha ndiye ankagwira ntchito ya anthu awiri, zipangizo zina zili kukonzedwa, lamya nayonso yosagwira. Anazindikira mochedwa kuti ndege ya anayo ndi ndege ina ya katundu zili pa msinkhu umodzi. Iye anauza a ku Russia kuti atsike. Nthawi yomweyo makina ochenjeza a m'ndegemo anawauza kuti akwere, pamene makina a m'ndege ya katundu anauza eni ake kuti atsike. A ku Russia anamvera munthu, enawo anamvera makina, ndipo ndege zonse ziwiri zinatsikira malo amodzi. Anthu 71 anafa, ambiri a iwo ana. Kuyambira pamenepo lamulo linamveketsedwa kuti makina ochenjezawo akalankhula, woyendetsa atsate makinawo ngakhale wolondolera anene zina. Phunziro lina ndi lija makolo athu analinena kale, kuti mutu umodzi susenza denga.

Mphamvu yotseka chipata

Popeza dziko ndi mwini wa mlengalenga mwake, lingathe kutseka. M'chaka cha 1963 maiko ambiri a mu Africa anakaniza ndege za South African Airways kudutsa pamwamba pawo, potsutsa ulamuliro wa tsankho. Kwa zaka zambiri ndege zochokera ku Johannesburg kupita ku Ulaya zinkazungulira panyanja ya Atlantic, n'kumakamwera mafuta pa chilumba cha Sal ku Cape Verde. Pa 11 Sepitembala 2001 dziko la America linalamula ndege zonse za m'mwamba mwake, zoposa 4,000, kuti zitere, ndipo ndege 38 zimene zinali kuoloka nyanja zinakatera m'katauni ka Gander ku Canada. M'mwezi wa Epulo 2010 phiri la moto la ku Iceland linalavula phulusa, ndipo maiko ambiri a ku Ulaya anatseka mlengalenga mwawo kwa masiku ngati asanu ndi limodzi. Ifenso tinaona zotere m'chaka cha 2020, pamene boma linaimitsa ndege za anthu zochokera kunja kuyambira mwezi wa Epulo chifukwa cha mliri wa Covid-19, mpaka bwalo la Kamuzu linatsegulidwanso mu Sepitembala.

Komatu mphamvu imeneyi ili ndi malire ake. Pa 1 Sepitembala 1983 ndege ya ku South Korea, yochokera ku New York kudzera ku Anchorage kupita ku Seoul, inasokera ndi kulowa mlengalenga mwa Soviet Union. Ndege ya nkhondo inaiwombera pafupi ndi chilumba cha Sakhalin, ndipo anthu onse 269 anafa. Chaka chotsatira, 1984, maiko anawonjezera mfundo m'pangano la ku Chicago, yakuti dziko lisagwiritse ntchito zida pa ndege ya anthu wamba imene ili m'mwamba. Lingathe kutumiza ndege zake za nkhondo kukaiyang'ana, kuiperekeza, ndi kuilamula kuti itere, koma miyoyo ya a m'katimo isaikidwe pachiswe. Mlendo wosokera m'munda mwako umamufunsa ndi kumulozera njira, sumulasa.

Palinso mlandu wa kusatseka pamene kunayenera kutseka. Pa 17 Julayi 2014 ndege ya Malaysia Airlines inawomberedwa ndi mzinga pamwamba pa kummawa kwa Ukraine, kumene kunali nkhondo, ndipo anthu 298 anafa. Mlengalenga mwa kumeneko munali motsekedwa kulekezera mapazi 32,000, ndipo ndegeyo inali pa mapazi 33,000. Ofufuza a ku Netherlands ananena kuti panali zifukwa zokwanira zotsekera monse. Mlandu wa kupha uli pa amene anawombera, koma nkhaniyi itiphunzitsa kuti mwini mlengalenga ali ndi udindo wochenjeza alendo ake.

Za kwathu kuno

Dziko lathu lili ndi mabwalo awiri aakulu olandira ndege zakunja: la Chileka ku Blantyre, limene ndi lakale, ndi la Kamuzu ku Lumbadzi, limene linatsegulidwa m'chaka cha 1983. Lili ndi mapiri ataliatali, monga Mulanje amene nsonga yake ya Sapitwa ifika mamita 3,002, ndi zitunda za Nyika ndi Viphya zimene zimaphimbika ndi nkhungu m'miyezi yozizira. Kwa ndege zazing'ono zouluka m'munsi, mapiri ndi nyengo ndiwo adani aakulu.

Palibe Mmalawi amene waiwala tsiku la 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, yonyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu, inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu nyengo ili yoipa, ndipo siinafike. Inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa, onse atatisiya. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyi anapeza, pakati pa zina, kuti ndegeyo inalibe makina osunga mawu ndi mbiri ya ulendo, ndi kuti kachipangizo kamene kayenera kulira pawayilesi ndege ikagwa, kuti ofunafuna adziwe pamene ili, sikankagwira ntchito. Sititchula izi pofuna kutsegula zilonda za mabanja olira. Tizitchula chifukwa zitionetsa kuti kusunga mlengalenga sikuthera pa kukhala ndi lamulo m'buku. Kufuna wayilesi yomveka m'zigwa zonse, odziwa za nyengo pa bwalo lililonse, zipangizo zoyesedwa pa nthawi yake, ndi gulu lokonzeka kufunafuna ndege ikasowa. Zinthu zimenezi sizioneka ndi maso monga msewu wa tala kapena mlatho, chotero n'zosavuta kuziiwala pogawa ndalama za dziko. Nzika zodziwa ndizo zingafunse aphungu awo za izo.

Pali mbali inanso imene dziko lathu latsogola. M'chaka cha 2016 kunayesedwa ku Lilongwe kunyamula magazi a makanda okayezedwa HIV pa tindege topanda woyendetsa m'kati, timene anthu amatitcha ma drone. M'chaka cha 2017 boma pamodzi ndi bungwe la UNICEF linapatula mlengalenga mozungulira bwalo la ndege la Kasungu, makilomita 40 mbali zonse, kuti mukhale moyeseramo tindege totere pa ntchito zothandiza anthu. M'chaka cha 2020 kunatsegulidwa ku Lilongwe sukulu ya African Drone and Data Academy, yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuyendetsa tindegeti. Taonani kuti nawonso sanangoyamba kuulutsa paliponse. Anayamba apempha malo kwa eni mlengalenga.

Mawu kwa makolo ndi achinyamata

Wina angafunse kuti, ife amene sitinakwerepo ndege, zitikhudza bwanji? Zitikhudza, pakuti m'ndegemo mumadza mankhwala ndi katemera wa ana athu, mumayenda abale athu a ku Johannesburg ndi ku London, ndipo pansi pa njira zake pali midzi yathu. Amene tikhala pafupi ndi mabwalo a ndege tili ndi gawo lathu. Tisadule mpanda wa bwalo pofuna njira yachidule, pakuti mbuzi kapena galu mmodzi pamsewu wa ndege angathe kugwetsa anthu ambiri. Tisatayire zinyalala pafupi ndi bwalo, chifukwa zimaitana akhwangwala ndi mbalame zina, ndipo mbalame ikalowa mu injini imaiwononga. Tisatenthe tchire kumene utsi ungatseke maso a woyendetsa pofuna kutera. Waya kapena batire lobedwa pa chipangizo cha ndege lingagulitsidwe ndalama zochepa pamsika, koma mtengo wake weniweni ndi miyoyo. Achinyamata amene mwapeza ma drone ojambulira maukwati, funsani kaye malamulo kwa oyang'anira za ndege, ndipo musawaulutse pafupi ndi bwalo la ndege. Safunsa anadya phula.

Kwa inu ana a sukulu, ntchito za m'mwamba si kuyendetsa ndege kokha. Dziko lifuna olondolera ndege, odziwa za nyengo, amisiri okonza rada ndi wayilesi, ndi ozimitsa moto a pabwalo, anyamata ndi atsikana omwe. Khomo lake ndi masamu, sayansi, jogalafe ndi Chingerezi chomveka bwino. Koposa izi ntchitoyi ifuna munthu wosunga nthawi, wosaledzera, womvetsera mnzake mpaka atatsiriza kulankhula, ndi wonena zoona msanga pamene walakwitsa, pakuti m'ntchito imeneyi cholakwa chobisidwa kwa mphindi imodzi chingaphe anthu mazana. Makhalidwe amenewa saphunziridwa pansanja ya ku Lumbadzi. Mwana amayamba kuwaphunzira pakhomo, pamene amtuma kumsika ndipo abweza chenji chonse, ndi m'kalasi, pamene afika belu lisanalire. Makolo, tiwathandize ana athu pa zimenezi, ndipo akadzafunsanso za ndege ija ya mzere woyera, tidzawauze kuti pa mphindi yomweyo pali Mmalawi mnzathu amene akulankhula nayo, adziwa dzina lake, ndipo akuipereka bwino kwa anansi athu.